Achemwali, za mwana uja ndamva

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko ku Bangula? Ndayimva voisi yanu ija. Ndachedwa kuyankha chifukwa foni inali pa chaji kwa aneba, magetsi kuno ku Nchalo anathima kuyambira m'mawa. Mukuti mwana wathuyu akufuna kukaphunzira za evolution, ndiye mukufunsa ngati si maphunziro aja onena kuti tinachokera kwa anyani, komanso ngati munthu angadyerepo. Mundimvere mpaka kumapeto, musadule pakati.

Ndiyambe ndi udzudzu, poti ndi umene ndikuudziwa. Mukukumbukira zaka zija ndinkadzuka usikusiku n'kumayenda m'makomo kugwira udzudzu, anthu n'kumandiseka kuti ndasowa ntchito? Tinkalowa m'nyumba mbandakucha ndi tochi ndi kapaipi koyamwira pakamwa, n'kumasaka waukazi umene wakhuta magazi, mimba ili psuu, utatsamira pakhoma kapena kudenga. Ukaikira mazira, ana akewo akakula n'kuyamba kuuluka tinkawatsekera m'kachubu kokhala ndi pepala la mankhwala a mtundu womwe umapakidwa pa neti, kwa ola limodzi. Mawa lake n'kuwerenga akufa ndi amoyo. Achemwali, wambiri unkangouluka ngati palibe chachitika. Udzudzu wa kuno ku Chikwawa, makamaka umene amautcha Anopheles funestus, unadziwika mpaka kunja chifukwa chosamva mankhwala.

Sikuti udzudzuwo unaphunzira nzeru ayi. Pachiyambi panali wochepa chabe wobadwa ndi thupi lotha kuphwanya mankhwalawo. Neti itabwera, wofookawo unafa, wolimbawo unatsala n'kuswana, ana ake n'kutengera. Pakapita mibadwo ingapo, mudzi wonse ndi wa wolimbawo. Evolution imene akunenayo ndi imeneyo basi. N'chifukwa chake munaona anayamba kugawa maneti ena okhala ndi PBO, mankhwala owonjezera olepheretsa thupi la udzudzu kuphwanya mankhwala a pa neti aja. Amene anauza boma kuti neti yakale yachepa mphamvu ndi anthu a maphunziro omwewa.

Chitsanzo china ndi chloroquine amene mayi ankatimwetsa, wowawa uja, woyabwitsa thupi. Anasiya kugwira ntchito chifukwa tizilombo ta malungo tosamumva tinachuluka, ndiye mu 1993 Malawi anamuchotsa n'kuika Fansidar. Patapita zaka zoposa khumi ofufuza ku Blantyre anapeza kuti tizilombo tomumva tabwereranso, poti tosamva tija tinalibenso chotikondera. Koma musakamugule pa okala chifukwa cha mawu angawa, chonde, kuchipatala kuli LA.

Za anyanizo, asayansi sanena kuti agogo athu anali anyani aja amaba chimanga m'mphepete mwa Lengwe. Amati ife ndi anyani ena tinachokera ku kholo limodzi kalekale. Ku Uraha, ku Karonga, mu 1991 anafukula chibwano cha munthu wamakedzana cha zaka zoposa 2 miliyoni. Inu ndi abusa mukambirana nokha zimenezo, ine ndimapemphera ndipo udzudzu ndinkawerengabe.

Dikirani, thirakitala ya nzimbe ikudutsa... eya.

Tsopano kokaphunzira. Mumuuze asamasake mawu akuti evolution pa fomu ya NCHE yofunsira malo ku mayunivesite a boma, khomo lake ndi Biology. Ku University of Malawi ku Zomba kuli dipatimenti ya Biology, ndiye kumene ine ndingaike poyamba. Ku MUST ku Thyolo, pamwamba pathu pompa, kuli za sayansi ya zamoyo ndi tizilombo toyambitsa matenda. Akakonda za nsomba, kuli Bunda ku LUANAR ndiponso Mzuni. Akafuna mbali ya matenda, kuli yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ku Blantyre, ndipo a Malawi-Liverpool-Wellcome amachita kafukufuku wa malungo kuno ku Chikwawa komwe. Fizi ikavuta pali ngongole ya Loans Board, koma alembe msanga, makalata onse akhale okonzeka.

Nsombazo musazipeputse. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu mazanamazana ya mbuna, utaka ndi abale ake, yambiri sipezeka kwina kulikonse padziko, ndipo yonseyo inatuluka mwa makolo ochepa. Azungu a ku Cambridge ndi mayunivesite ena amathera moyo wawo wonse pa nsomba zimenezi, amabwera ku Cape Maclear kudzasambira ndi makamera. Chimene chimandiwawa n'chakuti ana athu nthawi zambiri amangokhala onyamula zidebe. Ndipo kwathu kuno kuli nkhani yakeyake: mathithi a pa Shire, kuyambira kumtunda kuja mpaka pa Kapichira, amatchinga nsomba, ndiye zathu za ku Elephant Marsh ndi abale a za mu Zambezi, osati za kunyanja. Mwana amene wakula akuwedza makakana ndi milamba akuyamba ali ndi kanthu kale m'mutu.

Koma ndisakunamizeni, digiri yoyamba yokha pa ntchito imeneyi siyikwana. Amafunika masters, mwinanso PhD, ndipo zimenezo ambiri amakachita ndi sikolashipu, monga ya Commonwealth, ya Beit Trust, kapena DAAD ya ku Germany. Amene amatengedwa ndi wokhoza bwino, wodziwa kulemba Chingerezi, komanso amene anagwirapo kafukufuku ndi mphunzitsi wake n'kumulembera kalata yabwino. Ndiye akakafika, asakhale wamanyazi ngati bambo ake. Chaka chachiwiri agogode pa ofesi ya lekichala, anene kuti patchuthi ndili ndi manja, nditumeni. Ndipo masamu asawathawe. Masiku ano theka la ntchitoyi ndi pa kompyuta, kuwerenga DNA ndi statistics, pali pulogalamu ina amaitcha R, ayambe kuizolowera msanga. Ine chimene chinanditsekera njira n'chimenecho, ndinkadziwa kugwira udzudzu kuposa onse koma manambala ankawerenga ena.

Za kudyerapo, ntchito zilipo: kuphunzitsa, za usodzi, za nyama zakutchire ngati ku Majete, kafukufuku wa zaumoyo ndi wa mbewu. Kungoti zambiri za kafukufuku ndi za kontirakiti, zaka ziwiri kapena zitatu, ndalama za pulojekiti zikatha nanunso mwatha. Ine zinandichitikira, munaona nokha mmene ndinabwerera kumunda wa thonje. Ngati mumayembekeza kuti chaka choyamba akumangirani ya malata, pamenepo mukhumudwa.

Loweruka ndikubwera kudzaona mbuzi zija. Mumuuze asachoke, atenge satifiketi yake ya MSCE ndi fomuyo tidzaone limodzi magiredi a Biology, Chemistry ndi masamu tisanasankhe. Mukandisungire makakana owamba, a pa Chiromo, osati aja munandipatsa ulendo watha.