Funsani Adokotala: Chamba ndi mwana wodwala khunyu

Funso: Adokotala, mwana wanga wa zaka 9 amadwala khunyu. Timakatenga phenobarbitone kuchipatala mwezi ndi mwezi koma akugwabe. Alamu anga akuti ndizimuwiritsira masamba a chamba, ati boma linavomereza kuti ndi mankhwala. Ndiyese? Mayi wa ku Santhe, Kasungu.

Yankho: Ayi mayi, musamupatse. Alamu anuwo nkhaniyi anangoimva pamwamba. Lamulo la mu 2020 limalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhawo amene ali ndi chiphaso cha Cannabis Regulatory Authority, bungwe la boma loyang'anira za chamba. Kupezeka ndi chamba wamba kudakali mlandu.

M'chamba muli zinthu ziwiri zofunika kuzisiyanitsa. THC ndi amene amazunguza mutu. CBD saledzeretsa, ndipo ndi iyeyu amene amathandizako pa khunyu. Mu 2018 dziko la America linavomereza Epidiolex, yemwe ndi CBD woyengedwa bwino, pa mitundu iwiri yokha ya khunyu yovuta kwambiri mwa ana. Mlingo wake amawerengera kulemera kwa mwana, ndipo dokotala amayezanso magazi kuti aone ngati chiwindi chili bwino. Nanga mumphika mlingo mukauyeza bwanji? Chamba chathu, chomwe kunja amachitama kuti Malawi Gold, chinatchuka chifukwa cha THC yemweyo. Ubongo wa mwana sunakhwime. THC amasokoneza kukumbukira, ndipo oyamba chamba akadali ana ali pachiopsezo chachikulu chodzadwala misala.

Wina akadzakubweretserani timapaketi ta Spice kapena K2, mukane ndithu. Amenewo si chamba chenicheni, ndi mankhwala ochita kupanga amene amawapopera pa masamba ouma. Amagwira ubongo mwamphamvu kuposa THC, amagwetsa ngakhale munthu amene sanadwalepo khunyu, ena amawononga impso. Ku Sierra Leone, mankhwala ozunguza bongo otchedwa kush, osakanizidwa ndi zoterezi, anapha achinyamata mpaka mu 2024 boma linalengeza kuti dziko lili pangozi.

Chimene ine ndikukayikira ndi mlingo wa phenobarbitone. Mwana akamakula thupi limalemera, mlingo wakale n'kuchepa mphamvu. Muzilemba m'kope tsiku lililonse limene wagwa, ndi masiku amene sanamwe mankhwala, mupite nalo kuchipatala pamodzi ndi buku lake. Akamuyeza pa sikelo akhoza kuwonjezera mlingo, kapena kumusinthira carbamazepine kapena sodium valproate. Musamusiyitse mankhwala mwadzidzidzi, chifukwa akhoza kugwa motsatizana osatsitsimuka. Akagwa mugonekeni chammbali, kutali ndi moto, osamuika supuni m'kamwa.