Mukufuna Direito? Gwirani Português ndi História, malamulo adikire

Kalata yatipeza kuchokera ku Dómuè m'boma la Angónia. Wailemba ndi mtsikana amene akumaliza 12ª classe (kalasi yomaliza ya sekondale) ya Grupo A chaka chino, ndipo mtima wake uli pa zamalamulo, akufuna adzakhale advogada, kapena kuti loya. Makolo ake ndi alimi, ndalama za sukulu n'zowerengeka. Msuweni wake wamubwereka Código Penal ndi Constituição kuti ayambiretu kuloweza. Akufunsa kuti awerenge chiyani, alembetse kuti, komanso ngati kulipira explicação, makalasi apadera owonjezera, kuli ndi phindu.

Achemwali, Código Penal muwabwezere asuweni anuwo mwaulemu. Idzakuthandizani mukadzalowa, koma pakali pano ingokudyerani nthawi. Mayeso olowera Direito ku Universidade Eduardo Mondlane, imene tonse timangoti UEM, safunsa za milandu kapena zilango. Amayesa maphunziro awiri amene mwakhala nawo kusekondale: Português ndi História. Kuyunivesite ina iliyonse imene mukuganizira, onani edital yake, chikalata cholengeza makosi, malo amene alipo, maphunziro oyesedwa, masiku ndi ndalama zolipira. Zogwira ntchito ndi zimene zili mu edital ya chaka chimenecho. Zimene akuuzeni amene analemba zaka zitatu zapitazo zikhoza kukhala zitasintha.

Dziwaninso kuti mayeso awa si ofanana ndi a 12ª, amene ukafika pa 10 umapuma. Uwu ndi mpikisano. Yunivesite imanena chiwerengero cha vagas, kutanthauza malo amene alipo, imandandalika olemba kuyambira wa malikisi ochuluka kutsika m'munsi, n'kudula pamene malo athera. Direito ndi imodzi mwa makosi amene anthu amalimbirana kwambiri, moti munthu atha kupeza malikisi abwino ndithu n'kutsala panja chifukwa anzake amupitirira ndi mafunso awiri okha.

Tikhalitse pa Português, chifukwa ndi pamene ana a kwathu kuno amataya malikisi osadziwa kuti akutaya. Kunyumba timalankhula Chichewa, pamsika wa Ulónguè timasakaniza, ndipo Chipwitikizi chimene makutu athu anazolowera chili ndi njira zake zimene mayeso sazivomera. Mayeso amatsata norma ya Chipwitikizi cha ku Ulaya. Okonza mafunso amadziwa bwino momwe timalankhulira, ndiye pakati pa mayankho amaikapo dala chiganizo chimene chimamveka chabwinobwino m'khutu koma n'cholakwika papepala.

Taonani izi. Chifukwa m'Chichewa timati "ndinauzidwa", pakamwa pamatuluka "fui dito que", pamene mayeso akufuna "disseram-me que". Chimodzimodzi "fui nascido em Tsangano" m'malo mwa "nasci em Tsangano". Timati "vi-lhe no mercado", koma cholondola ndi "vi-o" kapena "vi-a". "Lhe" amagwira pa chiganizo ngati "dei-lhe o caderno". Timati "cheguei na escola" pamene verebu ameneyu akufuna "cheguei à escola". Mawu okana akakhala patsogolo amakoka pronome, choncho ndi "não me disse", osati "não disse-me". Verebu "haver" akamatanthauza kupezeka sachuluka: "havia muitas pessoas", ngakhale anthuwo atadzaza bwalo. Ndiye pali conjuntivo, amene ayenera kubwera pambuyo pa "embora", "caso" ndi "para que": "embora esteja doente", osati "embora está". Zimenezi sizilowa pongowerenga lamulo kamodzi. Gulani kope limodzi la zolakwa zokhazokha. Funso lililonse limene mwaphonya, lembani yankho lanu lolakwikalo, lembani lolondola, lembani chifukwa chake m'mawu anuanu, kenako pangani ziganizo zitatu zatsopano. Loweruka lililonse bwererani m'kopemo kuyambira tsamba loyamba.

Gawo lina la Português ndi kumvetsa nkhani. Amakupatsani texto, mafunso n'kuchokera momwemo. Cholakwika chofala ndi kuyankha zimene mukudziwa kale pa mutuwo m'malo moyankha zimene wolembayo wanena. Yankho likhoza kukhala loona m'moyo koma losapezeka mu texto, ndipo limenelo ndi msampha. Dziwani bwino mawu olumikiza ziganizo: "contudo" ndi "todavia" amatsutsa, "visto que" amapereka chifukwa, "por conseguinte" amapereka zotsatira. Mukawasokoneza mumatembenuza mfundo yonse ya wolemba. Apa Constituição ija muisunge. Kuwerenga masamba awiri patsiku kumazoloweretsa maso ku texto normativo, mtundu wa zolemba umene uli m'silabasi yanu. Muiwerenge pofuna chilankhulo, osati kuloweza manambala a ma artigo. Nyuzipepala ngati Notícias kapena Diário de Moçambique, ngakhale yakale ya sabata yatha, imathandizanso: werengani nkhani ya maganizo, tsekani pepala, nenani mfundo yake yaikulu m'chiganizo chimodzi.

Ku História muli ndi mwayi umene anzanu ambiri alibe, chifukwa gawo lalikulu la mbiri ya Mozambique linachitikira pakhomo panu. Maufumu a Amaravi, a Kalonga, Undi ndi Lundu, ndi mbiri ya makolo anu. Undi anali ndi likulu lake ku Mano, kumpoto kwa Tete, ndipo nkhani ya fuko la Aphiri ndi ulamuliro wodzera kuchikazi simukuimva koyamba m'buku. Ma prazo, madera akuluakulu amene ankalamulidwa ndi mabanja amphamvu m'nthawi ya Apwitikizi, anali m'chigwa cha Zambezi. Massangano ya banja la da Cruz inali pamene Luenha amathira mu Zambezi, Makanga ya banja la Pereira inasiya dzina m'boma la Macanga. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835, ndipo dzina la Angónia likuchokera kwa Angoni. UNAMI, gulu limene linagwirizana ndi UDENAMO ndi MANU kupanga FRELIMO pa 25 Juni 1962 ku Dar es Salaam, linali ndi mizu yake ku Tete. Nkhondo yomenyera ufulu inatsegulidwanso m'chigawo chino cha Tete mu 1968, ndipo kuphedwa kwa anthu ku Wiriyamu kunachitika pa 16 Disembala 1972.

Koma mwayi umenewu umapusitsanso. Kudziwa nkhani ngati nthano ya agogo sikokwanira, chifukwa mafunso amafuna kusiyanitsa zinthu zofanana. Mwachitsanzo, Companhia de Moçambique ndi Companhia do Niassa zinali majestáticas, zinkalamulira dera, kutolera msonkho ndi kukhala ndi apolisi awo. Companhia da Zambézia, imene inagwira ntchito kuno, inali arrendatária, yongochita lendi malo. Funso likhoza kuika zitatuzi pamzere umodzi kuti muone yosiyana. Jambulani mzere wa zaka papepala lalikulu, mupachike pakhoma: msonkhano wa ku Berlin 1884 mpaka 1885, Ultimato ya Angerezi 1890, kugwidwa kwa Ngungunhana ku Chaimite 1895, kuukira kwa Barue 1917, kuphedwa kwa anthu ku Mueda pa 16 Juni 1960, kuyamba kwa nkhondo yomenyera ufulu pa 25 Seputembala 1964, mgwirizano wa ku Lusaka pa 7 Seputembala 1974, ufulu pa 25 Juni 1975, mgwirizano wa ku Nkomati 1984, Constituição ya zipani zambiri 1990, mgwirizano wa mtendere ku Roma pa 4 Okutobala 1992, chisankho cha 1994, Constituição ya 2004. Pansi pa chaka chilichonse lembani chimene chinayambitsa ndi chimene chinatsatira. Musasiye mbiri ya Africa ndi ya dziko lonse: kugawidwa kwa Africa, nkhondo ziwiri zikuluzikulu, Guerra Fria. Bwerekani mabuku a 10ª ndi 11ª, musadalire la 12ª lokha.

Chida chachikulu kuposa zonse ndi mayeso a zaka zam'mbuyo. Amapezeka pa intaneti, ndipo malo ambiri ochitira fotokope amawagulitsa. Musawawerenge ngati nyuzipepala. Khalani pansi, ikani wotchi, zimitsani foni, lembani pepala lonse mu nthawi imene yalembedwa pachikuto, kenako chongani. Chenjerani ndi mayankho amene amazungulira m'magulu a WhatsApp, chifukwa ena analembedwa ndi ophunzira anzanu ndipo ali ndi zolakwika. Yankho limene mukulikayikira mulitsimikize m'buku kapena kwa aphunzitsi. Pa miyezi inayi, maola awiri patsiku, limodzi la Português limodzi la História, ndi pepala lathunthu limodzi pasabata, ndi ntchito yokwanira kwa munthu amene akukonzekeranso mayeso a 12ª.

Mayeso a UEM ndi osankha yankho pa zilembo, ndipo folha de respostas, pepala loyankhira, imawerengedwa ndi makina. Makinawo amafafaniza funso limene ladetsedwa pawiri kapena lili ndi zofufuta zauve. Malangizo ake amati muyambe kudetsa ndi pensulo ya HB, mukatsimikiza mudetse ndi cholembera cha buluu kapena chakuda. Tengani mapensulo awiri ndi chofufutira choyera. Ngozi ina ndi kudumpha funso papepala la mafunso osadumpha mzere wake pa folha. Mayankho onse otsatira amasunthira pa nambala yolakwika. Pakatha mafunso khumi aliwonse, onani ngati nambala zikugwirizana.

Tsopano mapepala. Edital ya UEM imatuluka chakumapeto kwa chaka, mayeso nthawi zambiri amakhala mu Januwale, ndipo amalembedwanso mumzinda wa Tete, simukufunika kupita ku Maputo. Kulembetsa kumachitika pa intaneti: mumalemba mbiri yanu, mumasankha kosi ndi malo olembera, mumalandira manambala a entidade ndi referência olipirira, mukalipira mumatsimikiza kuti dzina lanu lalowa. Risiti muisunge, muijambulenso ndi foni. Dzina mulilembe ndendende momwe lilili pa BI, chiphaso chanu cha unzika. Kwathu kuno dzina limodzi limalembedwa pawiri, Chikondi pena Chicondi, ndipo ngati BI ikunena china certificado ikunena china, vutolo limatulukira pa matrícula, kulembetsa kwa amene asankhidwa, nthawi itatha. Onani lero ngati BI yanu sinathe ntchito, pezani NUIT (nambala yanu ya msonkho), ndipo ndandanda wa mayina ukatuluka fufuzani chipinda chanu. Mukafike ku Tete dzulo lake, mukaone sukulu yolembera ndi maso. Munthu wozolowera mphepo ya Angónia amafooka msanga ndi kutentha kwa Tete mu Januwale, ndiye botolo la madzi lisasowe.

Kwa owerenga ena a m'malire, amene anaphunzira ku Dedza kapena ku Ntcheu n'kutenga MSCE: satifiketi ya kunja imafuna equivalência, ndipo imaperekedwa ndi INECE, bungwe la boma loona za mayeso ndi masatifiketi. Iwo ndi amene amagamula kuti ikufanana ndi kalasi iti. Zimatenga nthawi, yambani miyezi ingapo edital isanatuluke.

Za kolembetsa. Faculdade de Direito ya UEM ili ku Maputo. Dzina lake ndi lalikulu, koma muwerengere lendi, chakudya ndi ulendo wautali wobwerera kumudzi. UniZambeze, yunivesite ya boma, imaphunzitsa Direito ku Beira. Nthambi yake ya ku Ulónguè ndi ya zaulimi, musasokoneze. Mumzinda wa Tete, Universidade Católica de Moçambique ili ndi Direito. Ndi yoyima payokha, mumalipira propina mwezi ndi mwezi, koma muli pafupi ndi kwanu ndipo ufa utha kuchokera kumudzi. Poyerekeza musaone propina yokha, phatikizani ndalama zonse za chaka. Kuyunivesite za boma muonenso regime: laboral ndi ya masana ndipo ndi yotsika mtengo kwambiri, pós-laboral ndi ya madzulo ndipo ili ndi malipiro a mwezi. Kwa inu amene simuli pantchito, laboral ndiyo yoyenera kulimbirana. Sukulu ina iliyonse imene yakukopani ndi chikwangwani, funsani ngati ndi yovomerezeka ndi boma komanso ngati kosi yake inawunikidwa ndi CNAQ, bungwe loona za ubwino wa maphunziro a kuyunivesite. Zaka zinayi za ndalama za makolo si zoyesera. Za bolsa, thandizo la ndalama za sukulu, tsatirani zolengeza za Instituto de Bolsas de Estudo ndi za yunivesiteyo. Amafuna umboni wa kapezedwe ka banja, ndipo mapepala ake amayambira kwa akuluakulu a kumudzi ndi ku boma.

Explicação ili ndi phindu ngati mphunzitsiyo amachonga ntchito yanu ndi kukuuzani chifukwa chimene mwalakwira. Ngati amangolembetsa manotsi pabolodi kwa anthu makumi asanu, ndalamayo igulireni buku la gramática ndi mafotokope. Gulu la anthu atatu kapena anayi olimbikira, lokumana kawiri pasabata n'kumafunsana mafunso, limaposa explicação yotere. Ndipo aliyense wokuuzani kuti ali ndi mayeso otuluka kale kapena atha kukugulirani vaga, mutalikireni. Ndalama imapita, ndipo wogwidwa ndi chinyengo amachotsedwa pa mayeso.

Popeza mwatchula za u-advogada: digiri yokha siikupatsani ufulu woimira anthu pamilandu. Mukamaliza mumalembetsa ku Ordem dos Advogados de Moçambique, mumachita estágio pansi pa patrono, advogado wodziwa kale ntchito, kenako mumalemba mayeso a Ordem. Ofuna kukhala oweruza kapena ma procurador, oimira boma pamilandu, amadzera mpikisano wina n'kukaphunzira ku Centro de Formação Jurídica e Judiciária ku Matola. Palinso IPAJ, imene imathandiza anthu osauka pamilandu m'maboma. Konseko ntchito yake ndi kuwerenga ndi kulemba Chipwitikizi cholongosoka, pomwe Chichewa chanu chidzakuthandizani kumva bwino mayi wa ku Macanga amene wabwera ndi mlandu wa munda.

Zotsatira zikatuluka, masiku a matrícula amakhala ochepa, ndipo wosafika amataya malo. Pamenepo amafuna certificado ya 12ª, choncho muipemphe kusukulu kwanu pauta ya zotsatira za 12ª ikangotuluka, muchite mafotokope n'kukawadinditsa kwa notário, pamodzi ndi a BI ndi zithunzi za tipo passe. Ngati dzina lanu lathera pafupi ndi mzere, musasinthe nambala ya foni ndipo pitirizani kuona zolengeza, chifukwa malo amene ena sanawatenge amaperekedwa kwa otsatira pa ndandanda, zimene amazitcha repescagem, ndipo nayonso imakhala ndi masiku ake owerengeka.