Chipewa cha chumuni: yambani mwakwera kukayeza

Achimwene, mwati mvula ikagwa madzi akumadontha mpaka pamalo osonkhera moto m'nyumbamo, komanso m'chumuni mukumamveka mbalame, ndiye mukufunsa kuti mugule chipewa chotani chovindikira pamwambapo. Ine ndinapsa nazo kale zimenezi, ndiye ndiloleni nditalikitseko pang'ono.

Musathamangire kogula musanayeze. Kwerani ndi tepi, kapena tumani munthu wozolowera makwerero, mukaone kaye kuti kukamwa kwa chumuniyo kuli bwanji, kozungulira kapena kwa makona anayi, komanso ngati pali paipi yotulukira pamwamba pa njerwa. Ngati paipi yatuluka bwino, chipewa chimangogwira paipiyo ndi masikuluu, ndiye muyeze kunja kwake, m'litali ndi m'lifupi. Ngati kukamwa kuli mulingo umodzi ndi simenti, kapena pali mabowo awiri pa chumuni imodzi, mufunika chachikulu chovindikira mutu wonse chomangirira pa simentipo. Koma ngati chumuni yanu ndi yachitsulo yochita kugula, ya mapaipi awiri wina mkati mwa mnzake, gulani chipewa cha kampani yomweyo, chifukwa mapaipi ena a mtundu umenewu amadziziziritsa okha ndi mpweya wodutsa pakatipo ndipo mukatsekapo mwaputa ngozi.

Tsono nkhani yeniyeni ili apa: chipewa chizitchinga mvula koma chisatsamwitse utsi. Changa choyamba ndinakapangitsa kwa owotcherera, chooneka bwino ndithu, kungoti denga lake analiika pafupi kwambiri ndi kukamwa, m'mbali n'kuikamo waya wa timabowo ting'onoting'ono ngati wotchingira udzudzu uja, ine n'kumati eya, apa ngakhale nyerere silowa. Masabata angapo okha utsi unayamba kubwerera m'nyumba, makatani kununkha, ana kumatsokomola, khoma la pamwamba pa moto kuda bii. Nditakwera ndinapeza waya yense wamatika ndi mwaye, kuukanda ndi chala ukutuluka wonata ngati phula. Vuto silinali chumuni ayi, linali chipewa changa chomwe chija.

Ndiye denga la chipewa likhale pamwamba pa kukamwa ndi masentimita osachepera 13, kuposapo pang'ono ndi bwinonso, ndipo lipitirire m'mbali monse kuti mvula yamphepo isalowe chammbali. Waya wake mabowo akhale apakati. Wofala kwambiri ndi wa mamilimita 19, umatchinga mbalame ndi masamba koma utsi umadutsa momasuka. Ngati pafupi pali zinthu zosachedwa kugwira moto, pali wina wa mamilimita pafupifupi 13 wogwira zothetheka za moto, kungoti umafuna kuuyendera pafupipafupi chifukwa sumachedwa kutsekeka. Kuchepera pamenepo kwambiri ndiye mubwereza zanga zija.

Pa chitsulo sindichedwapo. Cha malata wamba ndi chotchipa koma utsi ndi chinyezi zimachidya, pakapita zaka zochepa dzimbiri limayamba kutsetsereka pa njerwa n'kusiya mizere yofiira yovuta kuchotsa. Cha stainless steel, chitsulo chosachita dzimbiri msanga, ndiye ndingakulimbikitseni, mukaona palembedwa 304, yomwe ndi nambala ya mtundu wa chitsulocho, ndi chabwino, ndipo 316 imapirira kwambiri kumalo a mphepo ya mchere. Cha mkuwa chimakhalitsa zedi ndipo chimakongola, m'kupita kwa nthawi chimasanduka chobiriwira, koma ndi cha anthu a thumba lonona chimenecho.

Mwatchulanso kuti kukachita mphepo utsi umabwerera. Zilipo zipewa zopangidwira zimenezo, china chooneka ngati chilembo H, china chotembenuka chokha motsatira mphepo. Zimathandiza ndithu, ngakhale ine zoyendayendazi sindizikhulupirira kwenikweni pa moto wa nkhuni, mwaye ukalowa pozungulirapo zimauma gwaa, nthawi zina n'kuima molozera kolakwika. Musanawononge ndalama onani kaye kutalika kwa chumuniyo. Amisiri ambiri amatsata muyeso woti itulukire padenga masentimita osachepera 90, komanso ipose ndi masentimita 60 chilichonse cha nyumbayo chomwe chili mkati mwa mamita 3. Ngati ndi yaifupi, mphepo imagunda denga n'kutsikira m'bowomo, ndipo chipewa ngakhale chodula bwanji sichingakonze zimenezo, pamafunika kuwonjezera njerwa kapena paipi.

Za mbalamezo, chonde musavindikire zili momwemo. Dikirani ana ake auluke, kenako chisa chonse chichotsedwe ndipo chumuni isesedwe kuchokera pamwamba mpaka pansi. Chisa chouma chimagwira moto, komanso chikatseka njira mpweya woipa uja wa carbon monoxide umabwerera m'nyumba, ulibe fungo ulibe mtundu, anthu amangomva mutu ndi tulo basi. Muonenso simenti ya pamutu pa chumuni ndi malata otchinga pomwe chumuni yakumana ndi denga, chifukwa nthawi zina timanamizira kukamwa pomwe madzi akulowera m'ming'alu.

Mukamasankha onetsetsani kuti denga lake limamasuka ndi masikuluu, osati lowotcherera kotheratu, chifukwa kamodzi pachaka mudzafuna kulowetsa burashi. Ndipo nkhuni zikhale zouma bwino, zaziwisi ndi zomwe zimabala phula lija lomata waya. Mukayeza ponyani miyesoyo pano pamodzi ndi chithunzi cha pamwambapo, tidzakuuzani mtundu womwe ungakhale bwino.