Kwa mchemwali wa ku Mabvuku: musanayambe kukumana ndi anawo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Mabvuku, mumzinda wa Harare, amene ali chaka chachiwiri pa University of Zimbabwe. Agogo ake anachokera ku Dedza, iye anabadwira konkuno ku Zimbabwe. Iye ndi anzake a kutchalitchi, ena mwa iwo a pa Harare Polytechnic, akufuna kuti Loweruka lililonse azikumana ndi ana a Grade 6 ndi 7, kuwathandiza kudzidalira, kukhala bwino ndi anzawo, komanso kupewa mutoriro (mankhwala osokoneza bongo a crystal meth) ndi mimba za paubwana. Akufunsa kuti ayambire pati, aziwaphunzitsa chiyani, nanga atani ndi makolo amene akuwakayikira.

Mchemwali, maganizowa ndi abwino, koma ndiyamba ndi funso limene simunandifunse: mudzakhala nawo anawo mpaka liti?

Ndikufunsa chifukwa kalendala yanu ndi ya ana siziyendera limodzi. Iwo ali ndi matemu atatu, kuyambira Januwale mpaka Disembala. Inu muli ndi masemesita, muli ndi mayeso amene amakutsekerani mu laibulale milungu ingapo, kenako kukubwera chaka cha attachment chimene chingakuponyereni ku Gweru kapena ku Hwange. Magulu ambiri otere amayamba ndi moto, mateti osindikiza ndi zithunzi za pa Facebook, ndiye pofika mwezi wachitatu kumangobwera munthu mmodzi, nayenso mochedwa.

Izi si zazing'ono. Ku America kuli bungwe la Big Brothers Big Sisters, limene linayamba mu 1904 ndipo limapereka kwa mwana munthu wamkulu woti aziyenda naye. Mu 2002 akatswiri awiri, Jean Grossman ndi Jean Rhodes, atafufuza za ana a m'bungweli anapeza kuti amene anapindula kwambiri ndi aja anakhala ndi mlangizi wawo chaka chathunthu kapena kuposerapo. Koma aja amene ubale wawo unatha miyezi itatu isanakwane anayamba kudziderera, ngakhale pa nkhani ya sukulu. Ganizirani mwana amene bambo ake anapita ku Johannesburg ndipo foni anasiya kuimba. Inunso mukabwera, n'kumuzoloweretsa, kenako n'kusowa, mwamutsimikizira zimene amaganiza kale, zoti iye ndi wosafunika. Choncho khalani pansi ndi anzanu, aliyense anene zoona. Amene sangakwanitse chaka azithandiza pa masiku apadera okha, asapatsidwe ana akeake. Ndipo bola kukumana kawiri pa mwezi mosaphonya kusiyana ndi kulonjeza Loweruka lililonse n'kumajomba. Tsiku lotsanzikana muwauziretu anawo, lisadzawadzidzimutse.

Za zophunzitsa, apa ndiye ndili ndi mawu. Chonde musakakhale alaliki. Mwana wa ku Mabvuku wa zaka 12 amadziwa kale nyumba imene amagulitsa mutoriro, amadziwa kuti BronCleer, mankhwala a chifuwa amene ena amaledzera nawo, amamwedwa bwanji, mabotolo a mowa waukali wa musombodia amawaponda popita kusukulu. Zoti n'zoipa wamva kwa aphunzitsi, kwa abusa, pa wailesi. Chimene alibe ndi mawu oti ayankhe mnyamata wamkulu wa pa tuckshop akamuuza kuti "tangolawa, kapena ndiwe khanda?" pamaso pa anzake. Mawu amenewo saloweza pa bolodi. Chitani timasewero: wina akhale wokakamiza, mwana ayesere kukana, alephere, aseke, ayesenso, mpaka mawuwo azolowere pakamwa. Musiyeni akane m'Chishona cha mumsewu chimene amalankhula tsiku ndi tsiku, chifukwa mayeserowo adzabwera m'chilankhulo chomwecho.

Kukhala bwino ndi anthu nakonso kumaphunzirika pochita. Bweretsani mpira, ngakhale wachikulunga, bawo, nhodo, chingwe chodumpha. Mudzaona kamnyamata kamene kakagonja kamatola mpira n'kuuponya kuseri kwa mpanda, maso ali psu. Musakachititse manyazi pagulu. Pitani nako kukatola mpirawo, muli m'njira mukafunse chimene chakapsetsa mtima, pobwerera mukapatse ntchito yokhala woyimbira masewero otsatira. Mudzaonanso kamtsikana kamene sikatsegula pakamwa, kamangoluma kolala ya juzi. Ameneyo mupatseni buku la mayina kuti aziitana anzake. Poyamba mawu adzamveka ngati a udzudzu, koma dikirani temu ithe. Kuti zotere muzione, gulu likhale laling'ono, wophunzira mmodzi ana anayi kapena asanu, omwewo nthawi zonse. Homuweki muziwathandiza ndithu, makamaka a Grade 7 amene akudikira mayeso a boma a ZIMSEC, koma isadye nthawi yonse. Mukatero mwangotsegula ma extra lesson aulere.

Tsiku lina mudzawatengere ku Mount Pleasant, kumene kuli University of Zimbabwe, akaone yunivesite, makolo atalola. Ambiri mwa anawa tauni amaidziwa ya pokwerera makombi (maminibasi) basi. Kuona munthu wa dzina la Phiri kapena Banda, wokulira pa laini yawo yomweyo, akulowa mu laibulale ndi khadi lake, kumagwira ntchito imene mawu anu sangagwire. Tisanamizane, ana athu ena amabisa kuti kwawo kumalankhulidwa Chichewa poopa kusekedwa, chikhalirecho malamulo aakulu a dziko lino a 2013 anachiika pa zilankhulo 16 zovomerezeka.

Tsopano makolo. Akulondola kukukayikirani, ndipo ine kholo limene silifunsa mafunso ndi limene lingandidetse nkhawa. Musasonkhanitse ana pa inu nokha. Dzerani kwa ahedi a sukulu ndi komiti ya makolo ya SDC, kapena ngati ndi kutchalitchi, kwa abusa ndi akulu a mpingo. Amayi a Mvano akakuvomerezani, theka la ntchito latha. Aliyense wa inu akatenge police clearance ku CID, muionetse musanafunsidwe. Kholo lisayine kalata yololeza. Muzikumana poyera, pakhale mphunzitsi kapena kholo pafupi. Wina asatsekere chitseko ali ndi mwana yekha, asamulembere pa WhatsApp mwamseri, asamupatse ndalama kapena airtime payekha. Maputi (mbuliwuli) ndi mafiriziti agawidwe kwa onse. Anyamata a m'gulu lanu muwauze mosapsatira kuti mtsikana wa sukulu ndi mwana. Khoti la Constitutional Court linathetsa maukwati a ana osakwana zaka 18 mu 2016, ndipo kuyambira 2024 kugonana ndi aliyense wosakwana zaka 18 ndi mlandu. Amene wakhumudwa ndi malamulo amenewa, mulekeni apite.

Mwana akayamba kukukhulupirirani, tsiku lina adzakuuzani zolemera: amalume amene amalowa kuchipinda usiku, kapena kumenyedwa kopitirira muyeso. Musalonjeze kuti musunga chinsinsi, musapite kukalimbana ndi wolakwayo, musamupanikize mwanayo ndi mafunso. Mvetserani, muuzeni kuti wachita bwino kunena, kenako imbani Childline pa 116, nambala yaulere, kapena pitani ku Victim Friendly Unit ya apolisi. Inu si anamwino kapena a social welfare, ndipo palibe manyazi pamenepo.

Simukuyamba zachilendo ayi. CAMFED, imene inayambira m'dziko muno mu 1993, imatumiza atsikana omaliza sukulu kubwerera m'makalasi kukayenda ndi ang'ono awo. Zvandiri imaphunzitsa achinyamata amene ali ndi HIV kuthandiza anzawo kumwa mankhwala mokhulupirika. Friendship Bench ya Dr Dixon Chibanda inayambira ku Mbare ndi agogo okhala pa benchi, omvetsera mavuto a anthu. Onsewa anthu awo amayamba aphunzitsidwa kaye, ndipo pamakhala wowayang'anira. Inunso pezani wamkulu mmodzi, kaya mphunzitsi wa Guidance and Counselling, woti muzikhala naye pansi mwezi ndi mwezi. Za ndalama ya kombi mugwirizaniretu, chifukwa imeneyi yokha imatha kupha gulu.

Pali kanthu kena kokhudza ife a makolo ochokera ku Malawi. Polemba mayina, funsani mwakachetechete ngati mwana aliyense ali ndi birth certificate. Mabanja ena agogo anabwera nthawi ya Federation, pakati pa 1953 ndi 1963, kapena kale kuposa apo, kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, ndipo mapepala sanalongosoke mpaka kwa zidzukulu. Vutoli limaonekera nthawi yolembetsa mayeso a Grade 7. Inu mumadziwa kuwerenga mafomu ndipo Chingelezi cha mu ofesi sichikuopsani. Mukapeza mwana wotere, kalankhuleni ndi mayi ake, muone mapepala amene alipo, kaya khadi la kuchipatala kumene anabadwira, ndipo mukonze tsiku lowaperekeza ku ofesi ya Registrar, kumene amapereka ma birth certificate, temu yoyamba isanathe.