Ndikhale mbali iti kuti ndione Mulanje?

FUNSO: Zikomo akonzi. Mwana wanga wandigulira tikiti ya ndege yochoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre ndi kubwerera. Aka n'koyamba kukwera ndege, ndipo ndikufunitsitsa kuona phiri la Mulanje, kumene ndinabadwira, ndili m'mwamba. Ndipemphe mpando uti? – Mayi wa ku Kawale, Lilongwe

YANKHO: Mayi, popita pemphani mpando wa A. M'ndege mpando wa A umakhala pazenera la kumanzere, ndipo mukamachoka pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi kulowera ku Chileka, kumanzere ndi kum'mawa, komwe kuli zonse zimene mtima wanu ukufuna.

Ulendowu sukwana ola, choncho maso akhale pazenera kuyambira pachiyambi. Posakhalitsa phiri la Dedza lidzatulukira. Kukakhala kowala bwino, chapatali mudzaona kamzere konyezimira, ndiyo nyanja ya Malawi chakumwera kwake. Kenaka mtsinje wa Shire ukukhotakhota m'chigwa, phiri la Zomba lathyathyathya pamwamba pake, ndipo ndege ikamayamba kutsika, Mulanje wanu uja adzaoneka patsogolo chakumanzere. Nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo nthawi zambiri mitambo imazinga m'chiuno mwa phirilo, nsongayo ili poyera. Kwa ine palibe chokongola kuposa pamenepo pa ulendo wonsewu. Pobwerera zinthu zimatembenuka, ndiye mupemphe zenera la kumanja.

Mzere wa mpando nawonso muusamale. Malawi Airlines ili ndi ndege za mitundu iwiri. Dash 8 Q400, ya mapulopela ija, phiko lake lili pamwamba ndipo silitchinga pansi, koma chapakati pali injini yomwe imadya theka la zenera, phokoso nalonso ndi lambiri. Boeing 737 phiko lake lili m'munsi mwa mazenera, moti mukakhala pakati mudzangoona chitsulo ulendo wonse. Kaya mwakwera iti, thawani pakati. Ine ndimakonda mizere yakumbuyo, chifukwa ambiri amathamangira kutsogolo ndipo mazenera a kumbuyo sachedwa kupezeka.

Simunanene mwezi umene mukuyenda. Mu Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimaphimba dziko, mapiri amangooneka mbuu. Nyengo yabwino ndi mvula ikangotha, Epulo ndi Meyi, mpweya uli woyera, minda ikadali yobiriwira. Mu Juni ndi Julayi chiperoni chimatha kubisa Mulanje tsiku lonse. Ngati mwana wanu angathe kusankha nthawi, asankhe ndege ya masana kapena madzulo: m'mamawa dzuwa limakhala mbali ya kum'mawa komweko ndipo limathobwa m'maso.

Mipando ya pazenera imatha msanga. Muuzeni mwana wanu akusankhireni mpando pa intaneti ngati n'kotheka, apo ayi mufike pa bwalo molawirira n'kuuza wa pakauntala kuti mukufuna zenera la kumanzere, kutali ndi phiko. Musachite manyazi, amamva pempho lotere tsiku lililonse. Mukafuna kujambula ndi foni, iyandikizeni pagalasi koma isaligunde, chifukwa kunjenjemera kwa ndege kumawononga chithunzi.