Kufunsira mlongo wa mnzako wa mu timu: mlandu wake uli pati?

Mayi wina amene amakhala ku Leeds, ku England, wandilembera imelo. Ali pakati pa buku lachikondi la Chingerezi limene mnzake wa kuntchito anamubwereka. Nkhani yake ndi ya mnyamata wosewera hockey ya pa ayezi (masewero a timu omenya kachimpira ndi ndodo uku akutsetsereka) ku America, wosinthasintha atsikana, wosafuna n'kumva komwe za banja. Kenako wagwa m'chikondi ndi mlongo wa mnzake wa mu timu, ndipo awiriwo akubisa chibwenzicho. Mayiyu wafunsa kuti: "Vuto lili pati? Kwathu mnzako akakwatira mlongo wako mumangosanduka alamu, nthabwala n'kuwonjezekera. Nanga mwamuna wamkulu, wandalama zake, akuopa chiyani? Ndipitirize kapena ndikabweze buku la eni?"

Achemwali, musabweze kaye.

Tiyambe ndi mchimwene wa mtsikanayo. Mukunena zoona, palibe mwambo ku Canada kapena ku America woletsa munthu kukwatira mlongo wa mnzake. Zinachitikapo mu NHL momwemo, ligi yaikulu ya masewerowa: Darcy Tucker anakwatira mlongo wa Shayne Corson, ndipo alamu awiriwa anasewera limodzi mu timu ya Toronto Maple Leafs. Dziko silinathe.

Chimene chimamudya moyo mchimweneyo m'mabuku amenewa n'chakuti amamudziwa mnzakeyo mopitirira muyezo. Amavalira m'chipinda chimodzi, amakwera ndege imodzi, amagona hotela imodzi. Zonse zimene mnyamatayo amadzitama nazo m'mawa akuvala nsapato zotsetserekera, za mtsikana wa usiku wathawu amene dzina lake waliiwala kale, mchimweneyo wazimva ndi makutu ake, mwinanso anaseka nawo. Ndiye lero amve kuti wotsatira pamndandanda ndi mlongo wake? Apa ngakhale mlamu wa kwathu angakwinye nkhope.

Palinso za m'bwalo. Timu imakhala ndi anthu 6 pa ayezi, kuphatikiza goloboyi, ndipo kugundana mpaka kukanikizana kukhoma n'kololedwa. Mu NHL anthu akamenyana sathamangitsidwa nthawi yomweyo ngati ku mpira wa miyendo, kawirikawiri amangokakhala pabenchi ya chilango kwa mphindi 5 n'kubwereranso. Ndipo pali lamulo losalembedwa: mnzako akagundidwa mwankhanza, iwe umaponya ndodo, kuvula magolovesi n'kumuyendera wolakwayo. Munthu amene angathyoke dzino chifukwa cha iwe, ukamamunamiza miyezi yathunthu, amamva kuwawa kosiyana ndi kwa mnzako wongomwera naye limodzi. Bodzalo ndilo mlandu, osati chikondicho.

Tsono za manthawo, ndipo apa m'pamene ine ndimayesera buku ngati lili la nzeru kapena longodzaza masamba.

Anyamata ambiri amene amafika pamwamba ku Canada amachoka pakhomo pa makolo ali ndi zaka 16, kupita kukasewera m'matimu a achinyamata m'matauni akutali, komwe amasungidwa ndi mabanja achilendo. Akakwana zaka 18 matimu a NHL ndiwo amawasankha, ndipo mwana sanena yekha mzinda umene akufuna. Akalowa mu ligi, nyengo imayamba mu Okutobala kukafika Epulo, masewero oposa 80, theka lake koyenda. Ndiye pali kugulitsidwa. Pokhapokha ngati kontrakiti yako ili ndi ndime yoletsa zimenezo, bwana wa timu atha kukuimbira foni masana kuti wasinthanitsidwa ndi wina, mawa lake uli mumzinda wina utavala yunifomu ina. Chakumayambiriro kwa Malichi, pamene nthawi yogulitsana osewera ikutsekedwa, ambiri sagona tulo. Amene sakuchita bwino amatsitsidwa ku ligi yaing'ono ya AHL, komwe maulendo ambiri ndi a pa basi.

Ngakhale Wayne Gretzky, amene ambiri amati palibe wina womuposa, sanakhalitse pomwe anthu ankaganiza kuti adzakalambira. Anamanga ukwati ku Edmonton mu Julayi 1988, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho anali atagulitsidwa ku Los Angeles Kings, atangoithandiza Edmonton Oilers kutenga chikho cha Stanley Cup kachinayi.

Munthu woleredwa choncho amaphunzira kusazika mizu. Nyumba ya lendi, khoma lopanda chithunzi, mbale ziwiri, chikwama choyandikira chitseko. Wolemba waluso amakuonetsani zimenezi, moti mnyamatayo akamati "sindingakulonjeze kalikonse" mumamvetsa kuti sanalonjezedwepo kalikonse nayenso. Koma olemba ambiri, kunena mosapsatira, ndi aulesi. Amangotiuza m'ndime imodzi kuti makolo ake analekana kapena chibwenzi chakale chinamugwiritsa fuwa lamoto, basi, kenako masamba ochuluka a minofu ya pamimba ndi kupsompsonana mobisala. (Ndipo n'zodabwitsa kuti anyamata a m'mabukuwa mano awo onse amakhala athunthu.)

Chimene chimandinyansa kwambiri ndi china. M'mabuku ena mtsikanayo amasanduka katundu amene amuna awiri akukanganirana. Mchimwene akuletsa, chibwenzi chikupempha chilolezo, mwiniwake ali duu, ngati si wamkulu woti n'kudzisankhira. Koma amene adzanyamule mtolo wa moyo umenewu ndi iyeyo. Ndiye adzasiye ntchito mwamuna akagulitsidwa ku timu ya ku Winnipeg, ku Canada, ndiye adzalongedze katundu yekha, chifukwa wosewerayo amanyamuka tsiku lomwelo. Komanso monga mlongo wa wosewera, wakula akuziona zonsezi, mwina kuposa wina aliyense m'bukumo. Ngati pali munthu woyenera kuopa kudzipereka, ndi iyeyu. Buku limene lazindikira zimenezi ndimalikhululukira zofooka zina zambiri.

Mathero musade nawo nkhawa. Mabuku a mtundu umenewu amatha awiriwo ali limodzi, ndilo pangano la wolemba ndi owerenga. Chosiyanitsa ndi njira yake. Werengani mpaka pamene mchimwene adzadziwe, nthawi zambiri zimakhala mutadutsa pakati pa buku. Onetsetsani amene wamuuza. Ngati mnyamatayo wapita yekha kukagogoda n'kunena zoona, kapena mtsikanayo wayang'ana mchimwene wake m'maso n'kumuuza kuti moyo ndi wake, malizani bukulo. Koma ngati angogwidwa mwangozi, n'kumenyana m'chipinda chovalira, kenako zonse n'kukonzeka chifukwa wina wavulala pa ayezi ndipo aliyense akulira kuchipatala, mukabweze Lolemba, ndipo mumuuze mnzanuyo akubwerekeni lina.