Ulendo wa gulu pa basi kupita ku chikondwerero cha zaluso: yankho kwa mayi a ku Chibavi

Sabata yatha ndinalandira kalata ya pa imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Chibavi, mumzinda wathu uno wa Mzuzu, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndiwayankhe poyera chifukwa funso lawo likukhudza magulu ambiri. Mayiwa ali m'gulu la banki m'khonde la anthu oposa 20, amayi ndi abambo, ndipo chaka chino agwirizana kuti apatuleko ndalama zina pa phindu lawo, achite hayala basi n'kupita limodzi ku chikondwerero cha zaluso m'nyengo ya chilimwe. Afunsa zinthu ziwiri. Choyamba, ngati kuyenda pagulu kuli ndi ubwino woposa kuti aliyense adziyendere yekha. Chachiwiri, ngati munthu wamkulu, wopemphera ndiponso wosamwa mowa angakapeze chomusangalatsa kumalo amene ambiri amati ndi a achinyamata ochezera kuvina.

Mayi, yankho langa ndi lakuti pitani, ndipo mupite pa basi imodzi. Koma ndikupempheni mumvetse chinthu chimodzi, chakuti ulendo wotere umakoma kapena kuwonongeka basi isananyamuke n'komwe, malinga ndi zimene gulu lagwirizana kapena lalephera kugwirizana lidakali kuno kwathu.

Tiyambe ndi kumene mungapite, chifukwa mtunda ndiwo udzalamulire bajeti yanu. Chikondwerero chodziwika kwambiri ndi Lake of Stars, chimene chinayambitsidwa ndi Will Jameson wa ku Britain ndipo chinachitika koyamba mu 2004 ku Chintheche, m'boma la Nkhata Bay, pafupi ndi ife tomwe. Chikondwererochi chakhala chikusuntha malo: chinafikako ku Senga Bay ndi ku Mangochi, chinabwerera ku Chintheche mu 2016, chinachitikira ku Kachere mu 2019, ndipo mu 2024 chinali ku Nkhotakota. Zaka zina sichinachitike konse, kotero musasonkhe ndalama pongodalira kuti chaka chatha chinalipo. Dikirani kufikira okonza atalengeza okha masiku ndi malo. Palinso Sand Music Festival, chimene malemu Lucius Banda anayambitsa mu 2010 ndipo kawirikawiri chimachitikira ku Salima, koma ichi chimatsamira kwambiri ku nyimbo ndi kuvina kwa usiku. Chachitatu ndi Tumaini, chimene chimachitikira mu kampu ya anthu othawa kwawo ya Dzaleka m'boma la Dowa chakumayambiriro kwa Novembala. Anachiyambitsa mu 2014 ndi mlakatuli Menes La Plume wochokera ku Democratic Republic of Congo, ndipo pakhomo salipiritsa.

Tsopano ubwino wa basi ya gulu. Aliyense amene anayendapo pa msewu wa M5 pa minibasi akudziwa mmene ulendo waufupi umatalikira: kudikira kuti galimoto idzaze pa depoti, kutsitsidwa pa mphambano ya Nkhata Bay kuti mukwere ina, kuima pa siteji iliyonse, kenako n'kutsika pamsewu waukulu muli ndi katundu kumutu, malo a chikondwerero ali patali m'mbali mwa nyanja. Kwa wachinyamata wonyamula kachikwama kamodzi zimenezi si vuto, koma kwa gulu lokhala ndi matenti, mapoto, mbaula, matumba a ufa ndi zigubu za madzi, basi yanuyanu imachotsa mavuto onsewa nthawi imodzi. Imakufikitsani pakhomo penipeni, imakhala malo osungirako katundu, ndipo wina akadwala usiku simuyamba kusakasaka njinga yamoto mumdima. Mtengo wa hayala ukagawidwa kwa anthu 25 kapena 30 amene amakwana mu kosita, nthawi zambiri susiyana kwenikweni ndi ndalama imene aliyense akanawononga polumikiza magalimoto angapo kupita ndi kubwera. Ndipo pali ubwino wina umene suwerengeredwa mu ndalama, wakuti anthu amene mumakumana sabata iliyonse pa nkhani za masheya ndi ngongole zokha mumapeza mpata woimba limodzi, kugawana mbatata yowotcha ndi kudziwana monga anthu.

Koma gulu ndi gulu, ndipo apa ndi pamene ndikufuna ndikhalepo pang'ono. Chikondwerero cha zaluso chimakhala ndi nkhope ziwiri. Masana kumakhala ndakatulo, zisudzo, magule a makolo, zokambirana, ojambula ndi osema akuonetsa ntchito zawo, komanso oimba achinyamata pa masiteji ang'onoang'ono. Usiku kumakhala oimba otchuka pa siteji yaikulu, ndipo wotchuka kwambiri amakonda kukwera mochedwa, nthawi zina tambala atatsala pang'ono kulira. M'gulu lanu mudzapezeka anthu ofuna za masana ndi ena ofuna za usiku, ndipo basi ndi imodzi. Ndaonapo gulu lina la kuno ku Mzuzu likubwerera anthu osalankhulana, chifukwa theka linkafuna kunyamuka Loweruka madzulo kuti likapezeke kutchalitchi Lamlungu m'mawa, pamene theka lina linali litalipira tikiti makamaka chifukwa cha woimba amene anali asanakwere n'komwe. Panalibe wolakwa pa mbali zonse ziwiri. Chimene chinasowa ndi msonkhano umodzi wokha woti akambirane nkhaniyi asananyamuke.

Choncho khalani pansi monga mumachitira pa tsiku logawana ndalama, wapampando, mlembi ndi msungichuma alipo, ndipo mulembe m'buku tsiku ndi ola lonyamuka, tsiku ndi ola lobwerera, ndi zimene zidzachitike kwa munthu wochedwa. Ine ndimalangiza kuti ulendo wobwerera ukhale wa m'mawa, kutacha bwino, osati wa pakati pa usiku. Msewu wokwera kuchokera ku Nkhata Bay kubwera ku Mzuzu, mtunda wa makilomita pafupifupi 50, uli ndi zitunda ndi makona ambiri, ndipo dalaivala amene wachezera phokoso usiku wonse sayenera kupatsidwa miyoyo ya anthu 30 mumdima. Pa chifukwa chomwechi, muike mu bajeti malo abwino ogona a dalaivala ndi chakudya chake. Magulu ambiri amaiwala zimenezi n'kumusiya akugona pampando wa basi kwa masiku awiri, kenako n'kumadabwa akuwodzera pachiwongolero. Muuzeni poyera, mwaulemu koma mosabisa mawu, kuti pa ulendo wonse sakuyenera kulawa mowa.

Za mgwirizano ndi mwini basi, musakhutire ndi mawu apakamwa kapena a pa foni. Tumani anthu awiri akaione basiyo ndi maso, aone matayala, tayala lapadera, inshulansi, chiphaso cha COF chosonyeza kuti galimotoyo ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ndi laisensi ya dalaivala yomulola kunyamula anthu, chifukwa pa marodibuloko apolisi adzafunsa zimenezi ndipo gulu lonse ndi limene lidzakhale padzuwa zikapezeka kuti sizili bwino. Mulembe pa pepala kuti mafuta akugula ndani, kuti basi idzakhala nanu masiku onse kapena idzangokutulani n'kubwerera, ndiponso kuti mwini wake adzachita chiyani ikawonongeka panjira. Nkhani ya mafuta musaichepetse. M'zaka zaposachedwapa dizilo wakhala akusowa nthawi ndi nthawi, ndipo kumadera a kunyanja malo omwetsera mafuta ndi otalikirana, choncho thanki idzadze musanatuluke mu Mzuzu ndipo mudziwiretu kumene mafuta obwerera adzachokere. Mitengo nayonso siikhazikika; mukukumbukira kuti mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo aliyense amene anali atagwirizana mtengo pakamwa miyezi iwiri m'mbuyo anauzidwa zina. Perekani gawo la ndalama poyamba, lotsalalo mudzamalize mutabwerako, ndipo msungichuma asunge kathumba kapadera ka zogwa mwadzidzidzi. Zopereka za mamembala zidutse pa Airtel Money kapena TNM Mpamba kuti pakhale umboni wa amene walipira, ndipo mugwirizane tsiku lomaliza limene munthu wosintha maganizo angabwezeredwe ndalama zake, chifukwa mpando wopanda munthu umalipiridwa ndi otsalawo.

Ndibwere ku funso lanu lachiwiri, limene ndikuona kuti ndi lomwe likukuvutitsani kwambiri mumtima. Sindikubisirani: mowa umagulitsidwa, achinyamata amavala mmene akufunira, ndipo usiku kumakhala phokoso lalikulu. Koma kunena kuti chikondwerero ndi zimenezi zokha n'kulakwira anthu aluso ambirimbiri amene amakonzekera miyezi yathunthu kuti adzaonetse ntchito zawo dzuwa likuswa mtengo. Ife a kumpoto tili ndi chuma chimene timachiona ngati chinthu wamba chifukwa tinakula nacho. Vimbuza wa Atumbuka anazindikiridwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005, limodzi ndi Gule Wamkulu, monga chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse lapansi. Malipenga a Atonga a ku Nkhata Bay, ndi yunifomu zawo zoyera ndi zoimbira zopangidwa ndi zikho, anachokera ku perete wa asilikali a nthawi ya atsamunda, ndipo chilimika ndi gule amene atsikana ndi amayi a kumeneko amavina pa nyengo ya chaka chatsopano. Chikondwerero chikachitikira m'mbali mwa nyanja kuno kumpoto, okonza amakonda kuitana magulu a m'midzi yoyandikana, ndipo kuona mlendo wochokera kutali ataima kukamwa kuli yasa poonerera gule amene inu munamuzolowera kumakupatsani maso atsopano pa zinthu zanu zomwe. Pezani ndandanda wa zochitika mukangofika, musankhe zinthu zitatu kapena zinayi zimene simukufuna kuphonya, ndipo zina zonse muzilole zikupezeni pamene mukuyendayenda. Musakakamize gulu lonse kuyenda pamodzi ngati ana asukulu. Gwirizanani malo ndi nthawi yokumana pa chakudya, aliyense akhale ndi mnzake mmodzi woyenda naye, basi.

Ngati gulu lanu lili ndi anthu ambiri a maganizo ngati anu, Tumaini ndi chimene ndingakusankhireni, ngakhale kuti n'kutali. Mudzayenda pa M1 kudutsa m'nkhalango ya Chikangawa, pa Jenda, Kasungu ndi Mponela, mtunda woposa makilomita 300, choncho hayala idzakwera, koma ndalama ya tikiti simudzalipira. Dzaleka inali ndende ya akaidi a ndale m'nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi, ndipo inasandulika kampu mu 1994. Lero kumakhala anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Kumeneko mudzaona oimba ng'oma a ku Burundi atasenza ng'oma zikuluzikulu pamutu kwinaku akuziimba, makwaya, alakatuli ndi ovina, ndipo mudzadya chapati chophikidwa ndi anthu a mumsasamo. Okonza amakhalanso ndi dongosolo loti alendo agone m'nyumba za mabanja a kumeneko polipira kangachepe, ndalama imene imathandiza banjalo mwachindunji. Ndimakhulupirira kuti Mmalawi aliyense ayenera kufikako kamodzi, chifukwa ambiri timalankhula za anthu othawa kwawo tisanakhalepo nawo pa mphasa imodzi.

Mukasankha kunyanja, kumbukirani kuti thupi la munthu wa ku Mzuzu linazolowera kuzizira. Mzinda wathu uli pamtunda wa mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene nyanja ya Malawi ili pa mamita osakwana 500, ndipo mu Seputembala ndi Okutobala kusiyana kumeneku mumakumva mukangotsika zitunda za Nkhata Bay. Nyamulani madzi akumwa ambiri, zipewa kapena maambulera, ndi zovala zopepuka. Amene amamwa mankhwala a BP kapena a shuga asawaiwale, ndipo auze mnzawo mmodzi kumene awasunga. Udzudzu ndi wambiri kunyanja kuposa kuno, choncho aliyense agone mu neti, ndipo wina akamva kutentha thupi patapita sabata imodzi kapena ziwiri mutabwerako, akayezetse malungo msanga. Posamba m'nyanja pewani malo a bango ndi madzi odikha, kumene kumakhala nkhono zofalitsa likodzo, ndipo pasapezeke wolowa m'madzi usiku kapena atamwa. Chakudya cha mkati mwa chikondwerero chimakhala chodula, ndipo malo ena salola kulowa ndi chakudya chakunja, choncho funsiranitu. Koma musalephere kugula usipa kapena batala kwa amayi a m'midzi yapafupi n'kudyera kondowole, chifukwa ndalama imeneyo ndi imene imatsala m'dera.

Popeza basi ndi yanu, gwiritsani ntchito ufulu woima panjira. Mukadutsa minda ya mitengo ya raba ya ku Vizara ndi kupitirira pa Chintheche, pemphani dalaivala akhotere ku Bandawe, kumene amishoni a Livingstonia motsogozedwa ndi Dr Robert Laws anasamukira mu 1881 kuchokera ku Cape Maclear, asanakwere phiri kupita ku Khondowe mu 1894. Tchalitchi chakale ndi manda a amishoni zidakalipo, ndipo ola limodzi ndi lokwanira kuona zonse. Malo oimawa muwalembenso m'buku limodzi ndi nthawi yake, ndipo mwini basi awadziwe pamene mukukambirana mtengo, kuti pasadzakhale kukangana za mafuta owonjezera muli pakati pa ulendo.